Gadiyani Sadwala

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Ndikulemba chifukwa dzanja lidazolowera. Ku fakitale ya tiyi ntchito yanga ndi kulemba kutentha kwa makina oumitsira masamba ndi chinyezi cha tiyi akamatuluka. Pano palibe makina, ndiye ndizilemba za ine mwini.

Dzulo masana ndili pafupi ndi choumitsira, pachifuwa panandithina ngati wina wandisanjika thumba la feteleza. Ndinakhala pansi. Miyezi ya mvula ino masamba amabwera osalekeza ndipo munthu sakhala pansi m'fakitale, choncho aliyense anadziwa kuti zavuta. Galimoto ya esiteti inandithamangitsira kuno ku chipatala cha mishoni. Manijala anaimba foni kawiri tili panjira. Sindinkadziwa kuti ndimakondedwa chonchi. Mwina amafuna makiyi a kusitolo.

Anandimata mawaya pachifuwa, kapepala n'kutuluka. Kenaka anatenga magazi. Adokotala aakulu pano ndi mayi wosachulutsa mawu, amangotchedwa Dokotala Mtisunge. Anandifotokozera motere: "A Mulepa, mnofu wa mtima ukavulala umataya kanthu kena m'magazi, dzina lake troponini. Timayeza kawiri, motalikitsa nthawi, kuti tione ngati kakukwera."

Koyamba 8. Kachiwiri 9. Malire anati ndi 34. Ndiye mtima sunavulale. Koma BP 190/110, shuga 310. Akuti sindituluka mpaka ziwirizi zitatsika.

Akazi anga a Lestina, amake Promise, anafika madzulo. Wakabaza anawasiya pamsewu waukulu, chitunda chonsecho anakwera wapansi, mtolo uli pamutu: mapoto, mbaula, mphasa, ufa. Anafika thukuta lili kamukamu, n'kukhala pansi pafupi ndi bedi.

"Mwandiopseza, abambo a Promise."

Atapuma ananyamuka kukafuna malo ku chisakasa cha odwazika matenda, amene pano aliyense amawatcha magadiyani.

Lachitatu, 7 Febuluwale

BP 170/100. Shuga 260. Mankhwala: amlodipini m'mawa, metifomini kawiri, omeprazo ndisanadye. Adokotala akuganiza kuti ululu uja unali asidi wa m'mimba atakumana ndi BP.

Moyo wa pano: kusanache nesi amatidzutsa kuti atifunse ngati tagona bwino. Kenaka magadiyani amalowa ndi mabeseni a madzi ofunda. Chipatala chimapereka bedi, mankhwala ndi phala. Zina zonse, kusambitsa, kuchapa, kuphika, kutaya zotaya, ndi za gadiyani. Mu wodi ya amuna muno magadiyani onse ndi akazi. Ndamva kuti ku wodi ya akazi nakonso ndi chimodzimodzi.

Bedi loyandikana nalo kuli a Yesaya, mlonda wakale wa m'minda ya tiyi, miyendo yotupa ngati mitondo. Gadiyani wawo anapita kumudzi sabata yatha kukatenga ndiwo. Mpaka lero akuthyolabe. Amake Promise ayamba kuphika za anthu awiri popanda wowapempha.

Chipatala chino ndi cha a Sabata, ndipo tiyi sawamuwerengera ngati chakumwa cha munthu wopemphera. Minda ya tiyi yazungulira mpanda mbali zonse, koma m'kati muno sapezeka. Amake Promise andibweretsera mu fulasiki yokulunga m'chitenje, wopanda shuga. A Yesaya anangonunkhiza m'mwamba.

"Ameneyo ndi wa giredi yoyamba. Zaka zonse zija ife timalondera, kumwa mumamwa inu."

Ndinawathirira theka.

Amake Promise sanadye masana. Akuti nsagwada ikuwawa, ululu ukutsikira kumsana pakati pa mapewa.

"Dzino?"

"Kapena. Kapena mtolo uja."

Lachinayi, 8 Febuluwale

BP 160/95. Shuga 240.

Tsiku la alendo. Ku fakitale kwabwera a Benard, kalaliki wathu, ndi anzathu ena, atanyamula nthochi ndi buledi amene sindiloledwa kudya. Achemwali awo a amake Promise abwera kuchokera kwa Chimaliro ndi poto wa nyemba za kalongonda. Onse anazungulira bedi kupempherera mtima wanga. Ndinawauza kuti magazi aonetsa kuti mtima uli bwino, koma pemphero linali litakonzedwa kale.

Amake Promise anali pantchito yolandira alendo: kugwada, kusambitsa m'manja, kugawa, kuthokoza aliyense payekha. Anadya masipuni awiri a kalongonda n'kutuluka. Ndinawaona pawindo akusanza kuseri kwa wodi, dzanja limodzi atagwira khoma. Atabwerera nkhope inali yonyowa.

"Chilungulira. Kalongonda ameneyu sanamutaye madzi mokwanira."

Alendo atapita ndinati amake Promise apite adokotala akawaone.

"Kabuku kanga ka chipatala kali kunyumba. Komanso ine ndinabwera kudzadwazika. Anthu akamva kuti tagona tonse awiri, adzati m'nyumba imeneyo mwalowa chiyani?"

A Yesaya analowererapo ali chigonere. "Gadiyani sadwala, akulu. Ngati akufuna kudwala amadikira wodwala atuluke, akadwalire kunyumba."

Tonse tinaseka, amake Promise nawonso. Ndinawapatsa kapisozi mmodzi wa omeprazo wanga. Pambuyo pake anati akumvako bwino.

Lachisanu, 9 Febuluwale

BP 150/90. Shuga 215. Akuti ndidikire Lolemba.

Lachisanu pano ndi tsiku lokonzekera Sabata. Dzuwa likalowa, ku chisakasa moto umazimitsidwa mpaka mawa madzulo, kaya ndiwe wa mpingo wawo kaya ayi. Ndiye magadiyani amaphikiratu za masiku awiri. Kuyambira m'mawa anali pa mzere wa madzi, ena kumsika, ena kokagula makala kumunsi kwa chitunda. Amake Promise anapita kumakala, kenaka kumadzi, kenaka kuchapa zovala zanga ndi za a Yesaya.

Masana analowa ndi mbale, n'kukhala pansi atatsamira mwendo wa bedi. Milomo inali yotuwa. Nesi wathu, a Teleza, ankadutsa ndi thireyi ya mankhwala, anaima.

"Amayi, mukupuma bwanji choncho?"

"Ndatopa chabe, anesi."

"Dzukani. Tiyeni."

Anakana kawiri, koma a Teleza si munthu womukana katatu. Ndinawatsatira nditavala zogonera.

Kolandirira odwala kunali kiliniko ofesala mmodzi, mzere utafika panja. Anawamata mawaya. Anayang'ana kapepala n'kunena kuti sikakuonetsa chinthu chogwirika. Ankafuna kulemba mankhwala a chilungulira. Ine ndinati awayeze magazi aja anandiyeza ine. Anandiyang'ana ngati wodwala wothawa mu wodi, zimene zinali zoona, koma anavomera.

Zotsatira: 27.

Pakhoma pamwamba pa makina pamatidwa pepala, ndipo ndinaliwerenga ndekha: malire 34. Kiliniko ofesala anati, "Zili pansi pa malire, amayi. Komabe mubwerenso pakapita maola atatu, tidzatengenso ena."

Ine ndine munthu wa manambala. Tiyi akatuluka chinyezi chili pansi pa malire, timamulongedza. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinawauza amake Promise kuti akhoza mayeso.

"Mwaona? Mwandivulitsa bulauzi pamaso pa mwana wa eni chifukwa cha kalongonda."

Nthawi yobwererako itakwana, dzuwa linali litapendeka ndipo nandolo anali asanapse. Anati akasiya moto tsopano, mawa amuna awiri adya chiyani. Adzapita m'mawa.

Ndinawakumbutsa kamodzi.

Madzulo andibweretsera tiyi. Fulasiki yodzaza, kuti ikwane ndi mawa.

Loweruka, 10 Febuluwale

Madzi osamba sanabwere m'mawa. A Yesaya anati mwina agonereza, ndi Sabata.

Amene anabwera ndi a Teleza. Azimayi a ku chisakasa anawapeza amake Promise atakhala chotsamira nsanamira, akupuma movutika, thupi lozizira. Anawanyamula pa chitenje. Ali ku chipinda cha odwala kwambiri, mbali ya akazi.

Masana.

Troponini 4,100. Kapepala ka mawaya lero kakuonetsa zonse.

Dokotala Mtisunge anabwera okha kudzakhala pa mpando pafupi ndi bedi langa. Ndilemba mmene ananenera.

"A Mulepa, akazi anu mtsempha wina wa mtima watsekeka. Sizinayambe lero. Mwina Lachiwiri, mwina Lachitatu."

"Koma dzulo anayezedwa. Zinali pansi pa malire."

"34 ndi malire a amuna. Pa makina athuwa, a amayi ndi 16. Mtima wa mayi ndi wocheperako, ukavulala umataya zochepa. Komanso amayi ambiri sagwira pachifuwa ngati mmene munachitira inu. Amanena nseru, nsagwada, msana, kutopa."

"Ndiye 27 uja?"

"Unali utadutsa kale malire awo. Akanagona dzulo lomwelo."

Sanabise kanthu ndipo sanaloze munthu chala. Anati pepala la pakhoma lija linali ndi nambala imodzi, ndipo m'mawa uno alembapo yachiwiri ndi dzanja lawo. Ndinafunsa ngati magazi achiwiri aja akanathandiza. Anati akanaonetsa kuti zikukwera.

Ku tchalitchi aimba tsiku lonse. Amaimba bwino.

Tadya nandolo wozizira, ine ndi a Yesaya. Anali wokoma.

Lamulungu, 11 Febuluwale

Zanga: BP 165/100. Nesi akuti ndisamaganize kwambiri.

Za amake Promise: asipirini, kilopidogirelo, atovasitatini, jakisoni wa pamimba wochepetsa kuundana kwa magazi kawiri pa tsiku, mpweya wa m'mphuno. BP 100/65. Mankhwala osungunula chotseka m'mtsempha akuti nthawi yake inadutsa. Njira yotsegula mtsempha ndi waya kuno kulibe. Ndinafunsa zowatumiza ku Blantyre. Adokotala akuti mmene alili panopa, msewu wokha ungawamalize. Tidikire mtima ukhazikike.

Mwana wathu wamkazi Promise wafika kuchokera ku Limbe. Ndiye gadiyani tsopano. Mphasa ndi yomweyo, malo ndi omwewo.

Mwamuna salowa mbali ya akazi kupatula nthawi yoona odwala, ngakhale akhale wodwala mnzawo. Ndinadikira belu ngati mlendo aliyense.

Ndinawapeza atawatsamiritsa pa mapilo. Aoneka ochepa. Zaka zonsezi sindinawaonepo atagona masana.

"Mwadya?"

"Ndadya."

"Chiyani?"

"Phala la chipatala."

Anatseka maso ngati ndanena zamanyazi.

"Poto wamkulu uja si wathu. Ndi wa mayi wa kwa Khwethemule, wa duku lobiriwira. Mukabweze. Mutsuke kaye."

"Ndamva."

"A Yesaya akuwaphikira ndani?"

"Promise."

"Mumuuze asamathire mchere, miyendo ija." Anapuma kanthawi. "Achemwali mwawauza chiyani?"

"Zoona zake. Mtima."

"Mukanati malungo. Tsopano azidzati ndimapikisana nanu."

Ndinafuna kunena za Lachisanu. Ndinangoyamba, iwo n'kugwedeza dzanja.

"Nandolo anapsa?"

"Anapsa."

"Basi."

Lolemba, 12 Febuluwale

Anditulutsa. BP 145/90, shuga 180. Mankhwala a mwezi ndi malangizo a zakudya. Kiliniko ofesala wa Lachisanu uja ndi amene anasaina. Anandizindikira. Anagwira cholembera nthawi yaitali, kenaka anati, "Pepani, bambo." Ndinati zikomo.

Bedi langa analowapo kale munthu wina ndisanamalize kumanga chikwama. A Yesaya anandigwira dzanja.

"Mukawauze mayi kuti mbale yawo ili kuno. Ndatsuka ndekha."

Sindinapite kunyumba. Ndapeza malo pakhonde moyang'anana ndi chitseko cha mbali ya akazi.

Masana ndinapita ku chisakasa kukabweza poto. Ndinali ndisanalowemo chibwerere. Ndi denga la malata pa nsanamira, utsi, mphasa zopinda m'mbali, azimayi osachepera makumi atatu. Atandiona anasiya kulankhula. Wina anati, "Abambo asochera." Ndinagwada pa mpopi kutsuka poto, ndipo mtsikana wina anandilanda, akuti ndikungomusisita.

Mayi wa duku lobiriwira analandira poto wake, n'kundipatsa kampando. Anandiuza kuti kuyambira usiku woyamba amake Promise sankagona chogona. Ankagona chokhala, atatsamira nsanamira, chifukwa akati agone mpweya unkawathera. Ankamwa madzi a soda. Anawapempha onse kuti asandiuze, wodwala angadandaule BP n'kukwera.

"Ndiye nonse munkaona?"

"Tinkaona, bambo." Anayang'ana anzake. "Koma muno ndani sakumva kuwawa penapake? Uyo mwendo. Uyo akutsokomola mwezi wachiwiri. Tikati tonse tikaime pa mzere, odwala athu awasambitsa ndani?"

Anandipatsa chinangwa chophika. Ndinadya, ngakhale sichili pa malangizo.

Madzulo amake Promise BP 95/60. Alankhula pang'ono. Anafunsa ngati ndamwa mankhwala.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Amake Promise madzi alowa m'mapapo. Akuti mtima sukupopa mokwanira. Jakisoni wa lasikisi wochotsa madzi. Mpweya awonjezera, tsopano ndi chophimba pakamwa ndi mphuno. BP 85/50.

Alongo awo, a Samsoni, afika kuchokera kwa Chimaliro. Ndiwo eni mbumba. Anandipatsa moni, n'kufunsa mmene ndikupezera. Ndinati ndili bwino. Anati, "Tikuona."

Nthawi yoona odwala ndinakhala pafupi ndi amake Promise. Sanatsegule maso. Dzanja lawo lili ndi chipsera chatsopano cha mbaula.

Dokotala Mtisunge anatiitana ine, a Samsoni ndi Promise. Anati achita zonse zimene zilipo pano. Anati tisapite kutali.

Mvula tsiku lonse.

Lachitatu, 14 Febuluwale

Amake Promise atisiya m'mawa uno, kutangocha. Promise anali pomwepo. Ine ndinali pakhonde. Belu linali lisanalire.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Ndikulemba tikudikira kunyamuka.

Mwambo wa pa esiteti ndi wakuti wantchito akamwalira, kapena wa pabanja pake, kampani imapereka bokosi ndi lole. Dzulo Promise anaimba ku ofesi. Ankalira, anangotha kunena kuti kwa a Mulepa kuchipatala kuno zavuta. Wolandira foni sanafunse zambiri. Fakitale yonse inandiona ndikunyamulidwa nditagwira pachifuwa.

Lole yafika m'mawa uno. Kumbuyo kunali anzanga a ku fakitale atavala majekete, akuimba chapansipansi. Dalaivala, Amosi, anatsika, n'kuvula chipewa. Atatembenuka anandiona nditaima pafupi ndi chitseko cha nyumba ya chisoni. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda galimoto. Nyimbo inaduka.

"Abwana. Ife tinamva kuti ndi inu."

"Ndi amayi."

"Amayi ankadwala?"

A Benard anatsika, anandigwira dzanja ndi manja awiri, osandiyang'ana kumaso. M'thumba la jekete munkaoneka pepala lopinda. Ndikuganiza kuti ndi mawu amene anakonza kukanena pamanda anga. Sindinawafunse.

Kalipentala wa pa esiteti amandidziwa bwino, ndipo ndine wamtali. Bokosi analipanga pa msinkhu wanga. Amake Promise ankandilekeza paphewa.

A Samsoni analiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Amosi anati akhoza kubwerera nalo akalidule, koma mvula yayambanso ndipo msewu wa kwa Chimaliro ukaterera lole sikwera. Kumudzi anthu asonkhana kale. A Samsoni anati tisachedwetse anthu. Anapita pambali kukaimba foni kuti adzukulu atalikitse manda.

Achemwali awo ndi azimayi a ku chisakasa ndi amene anawasambitsa amake Promise ndi kuwaika m'bokosi. Kumiyendo kunatsala mpata waukulu. Mayi wa kwa Khwethemule anamasula chitenje chake chapamwamba, anachipinda n'kuchiika pamenepo. Ena anachita chimodzimodzi mpaka mpata unadzaza, kuti asamagwedezeke panjira. Atatha anabwerera msanga. Inali nthawi yokapereka chakudya ku mawodi.

Amosi wandisungira malo kutsogolo, pambali pake. Wayala ndi kansalu pampando. Akuti kumbuyo kuli mphepo ndi mvula, ndipo ine ndine wodwala.

Ndamuuza kuti ndikwera kumbuyo.